Chikhomo Chomwe Ndinazula

Lolemba m'mawa ndinali nditangoviika makatani onse a m'nyumba mwanga m'beseni lalikulu pamene mwana wanga wamkazi anatulukira pageti ali wefuwefu, yunifolomu yakuntchito itanyowa ndi thukuta. Anali atangochoka kumene.

"Wayiwala chiyaninso?" ndinamufunsa.

"Amayi, nyumba yathu palibe!"

Ndinatembenuka kuyang'ana nyumbayo. Inali pompo, ndi mawindo ake opanda makatani.

"Nanga ili ndi khola la mbuzi?"

"Pamndandanda, Amayi. Amata pepala ku ofesi ya anthu a mlatho, la nyumba zoti zigumulidwe. Mzere wathu uno nyumba zilipo zisanu ndi ziwiri, koma alemba zisanu ndi imodzi. Yathu yokha aidumpha."

Ife timakhala m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi mlatho wa msewu waukulu. Mlathowo ndi wakale kuposa ine, ndipo watopa kuposa ine. Mathiraki amawoloka imodziimodzi, munthu wa mbendera atayima uku wina uko, ndipo ikamadutsa yodzaza, makapu amalira m'kabati mwanga. Chaka chatha kunabwera anthu a zipewa zolimba. Anagogoda zipilala zake ndi hamala n'kupeza kuti zitsulo za mkati zadyeka ndi dzimbiri. Anati kukonza n'kutaya nthawi, pafunika watsopano. Miyezi inayi ankakangana za malo, kumunsi kapena kumtunda. Kumunsi anapeza matope okhaokha, kumtunda anapeza thanthwe. Kumtundako ndi kwathu kuno. Msewu wolowera pa mlatho watsopanowo uyenera kukhota, ndipo pokhota pakepo ndi pamene pali mzere wathu.

M'gulu la anthu a zipewawo munali mnyamata woyeza malo, wamtali, wosalankhulalankhula, amene amayenda atasenza makina ake oyimika pa miyendo itatu. Amuna anga anamutcha Miyendo Itatu, dzinalo n'kumukakamira. Mwana wangayu amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala kutsidya, ndiye amawoloka mlathowo m'mawa ndi madzulo. Anayamba kufika mochedwa. Ndikamufunsa, ati wa mbendera anatseka njira. Wa mbendera satseka oyenda pansi. Koma mwanayu ndinabereka ndekha, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndinangoti chabwino.

Bambo ake sanati chabwino. Iwo ndi kalipentala, ndipo denga la nyumba ino, zitseko, mafelemu a mawindo, zonse ndi manja awo.

"Munthu amene ntchito yake ndi kuloza nyumba za anzake kuti zigwe, ameneyo ayi," ankatero. "Komanso anthu amenewa mlatho ukatha amapakira n'kumapita. Amatisiyira fumbi ndi mimba."

* * *

M'mawa umenewo abambowo anatuluka m'shedi mwawo, sowo m'manja, utuchi m'tsitsi.

"Bwereza zimene wanenazo," anamuuza mwanayo.

Anabwereza. Nkhope ya abambo inayamba kumasuka mpaka ndinaona mano amene ndinali nditayiwala kuti ali nawo.

"Ndiye kuti Miyendo Itatu uja wapinda msewu."

"Sanandiuze kanthu, Ababa," anatero mwanayo, maso pansi, koma kumwetulira kukumukanika kubisa.

"Mwamuna weniweni sauza, amangochita. Umuyitane. Lero lomwe adzadye nafe."

"Inu," ndinatero ine, "si munati akadzaponda pano mudzamuthyola mwendo umodzi kuti atsale ndi inayi?"

"Munthu amalankhula. Pitani mukagule nkhuku, mayi."

"Nanga makataniwa?"

"Makatani sathawa."

Ndinapita kukagula nkhuku. Zaka makumi atatu za banja zandiphunzitsa kuti mwamuna akasangalala, ntchito imachulukira ine.

* * *

Miyendo Itatu anafika cha m'ma faifi, malaya ositidwa bwino, botolo la chakumwa m'manja. Ine ndinali pakhonde ndikuyala nsalu patebulo, chifukwa abambo analamula kuti tidyere panja, oyandikana nawo aone. Mnyamatayo anatsegula geti, n'kuponya phazi limodzi, n'kuuma pomwepo.

Ankayang'ana pansi, pambali pa geti, pamene panali chikhomo cha mtengo chopakidwa penti yofiira kumutu. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana kuseri kwa nyumba, kumene kuli chingwe changa choyanikapo zovala. Anabwezanso maso pa chikhomo chija.

Apo m'pamene ndinakumbuka.

Miyezi iwiri yapitayo, abambo ali kutali kokakhoma denga la munthu, mnyamata yemweyu analowa ndi makina ake, n'kuyeza, n'kukhoma chikhomo chimenecho kuseri kwa nyumba, pakati penipeni pa malo oyanikira. Ndinamufunsa kuti chikutanthauza chiyani. Anati, "Ndi muyeso chabe, amayi, adzafotokoza pamsonkhano. Musachikhudze." Ndinapirira nacho masiku atatu. Ndinapunthwapo kawiri, ndipo kachitatu chinang'amba shiti yanga yabwino. Ndinatenga khasu, ndinachizula, ndinakachikhoma pambali pa geti pamene sichingasowetse munthu mtendere. Ndinachikhoma mowongoka bwino, penti kumwamba, monga ndinachipezera. Padzenje pake ndinayikapo chidebe cha maluwa. Abambo atabwera anachipeza pageti, sanafunse, ine sindinanene. Ndili ndi zambiri zoti ndizikumbukira.

"Lowani, lowani, akamwini!" anafuula amuna anga, manja ali tambalale. "Pano ndi panu!"

* * *

Sindinaonepo munthu akudya nkhuku movutika chonchija. Abambo ankamuyikira ntchafu, iye ankangoitembenuza.

"Bambo, ndikufuna mudziwe kuti ine sindinachite chilichonse," anayamba.

"Inde, inde," anatero abambo akumutsinzinira diso. "Simunachite chilichonse. Ifenso sitinaone chilichonse. Idyani."

"Ndikunena zoona, bambo."

"Mwamva, mayi? Wodzichepetsanso."

Mwana wanga ankamuyang'ana mnyamatayo ngati wamutsikira kuchokera kumwamba. Ine ndinkayang'ana mpanda. Pamwamba pa mpandapo panali mutu wa mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, amene ali ndi saluni m'chipinda chakutsogolo kwa amayi ake. Mtsikanayu ankamuyitanira Miyendo Itatu madzi ozizira masiku onse amene ankayeza mzere wathu, ndipo ankamulonjeza kumumeta ulere, ngakhale saluni yake ndi ya azimayi. Mnyamatayo ankamwa madziwo, n'kuthokoza, n'kupita kukadikira mwana wanga pamlatho. Nyumba ya kwawo kwa mtsikanayu inali yachitatu pamndandanda.

Pamene abambo anayimirira n'kumugwira mnyamatayo paphewa, tambula m'mwamba, ndinaona foni ikukwera pamwamba pa mpanda.

"Madzulo abwino, aneba," ndinatero mokweza.

"Abwino kwa ena, amayi," anayankha, mutu n'kutsika.

* * *

Ndikutsuka mbale kuseri, mnyamatayo anabwera ndi mapoto awiri ngati wondithandiza. Anawatula, n'kuyima pafupi ndi chidebe cha maluwa chija.

"Amayi, chikhomo chija ndinakhoma apa."

"Chinang'amba shiti yanga."

Anatseka maso.

"Amayi, chikhomo chimenecho ndi malire a msewu. Chilichonse chili pakati pa chikhomo ndi msewu chimachoka. Anthu olemba mndandanda sayenda ndi buku langa, amayenda ndi maso. Amafika, amaona chikhomo, amalemba. Anachipeza pageti, ndiye analemba kuti kuno kuchoka mpanda wokha."

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku lomwelo kuti ndi malire?"

"Satilola kuuza munthu mndandanda usanatuluke. Ukauza mmodzi, usiku womwewo zikhomo zimayenda."

"Chayendatu ngakhale simunandiuze."

Sanaseke. Anati mawa m'mawa ayenera kukanena ku ofesi kuti muyeso wa nyumba yathu walakwika.

"Ndiye nyumbayi ikupita?"

"Ikupita, amayi. Inali yopita kuyambira kale."

Kumbuyo kwathu kunagwa supuni. Mwana wanga anali atayima pakhomo la khitchini, mbale m'manja.

"Kuyambira kale?" anafunsa. "Ndiye kuti unakhoma wekha chikhomo choti nyumba yathu igwe?"

"Ndi pamene muyeso unagwera."

"Miyezi iwiri! Miyezi iwiri ukundiperekeza pamlatho paja, ukundiuza za zipilala, za thanthwe, za ana amene tidzabereke, koma ukudziwa kuti chipinda chimene ndimagona udachiweruza kale?"

"Ndikanakuuza ukanatani? Ukanasiya kugona, basi."

"Ine tsiku lonse lero ndimayenda ngati mfumukazi, ndimati pali munthu amene wandichitira chinthu."

Apa mnyamatayo anawongoka khosi.

"Ndiye umasangalala poganiza kuti ndine wachinyengo? Kuti ndingapinde msewu, mathiraki azikagubuduzika pakona, chifukwa cha chibwenzi?"

"Chibwenzi? Ndine chibwenzi tsopano?"

"Sindinatanthauze choncho."

"Tsitsani mawu nonse," ndinatero. "Bambo ako ali pakhonde."

Mwanayo anandiponyera mbale m'madzi mpaka thovu linandithira kumaso, n'kulowa. Mnyamatayo anakatsanzika. Ndinamva abambo akumuperekeza mpaka kumsewu, akumuuza kuti bedi la ukwati adzapanga okha, la mtengo wolimba, osati zamasiku anozi.

* * *

Lachiwiri ndinadzuka ndi cholinga chimodzi, makatani. Madzi anali atayamba kale kafungo. Ndisanapinde n'komwe manja a bulauzi, mutu uja unatulukiranso pampanda, tsitsi lili m'maneti.

"Apongozi a mlatho, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mwanawe. Amayi ako adzuka?"

"Sanagone. Ife a nyumba zopanda ana okongola sitikugona masiku ano. Mutiuzeko, kodi nkhuku imodzi imakwanira, kapena pamafunika ndi mwana yemwe?"

"Samala pakamwa."

"Pakamwa panga pasamala kale. Kalata tasayina nyumba zisanu ndi imodzi, chithunzi cha phwando lanu ladzulo tamata pamwamba. Yafika kwa injiniya wamkulu ofesi isanatsegulidwe n'komwe. Akamuchotsa ntchito mumuuze abwere, ndikusowa wosesa tsitsi."

Ndinafuna kumuyankha, koma mtsikanayu saluni yake ikugwa, ndipo m'maso mwake munali mofiira. Ndinangotembenuka.

Cha m'ma teni mwana wanga anabwera kuchokera kuntchito, ati wapempha kuti mutu ukumupweteka. Anandikokera m'chipinda mwake n'kundipatsa foni.

"Werengani."

"Magalasi anga ali kutali. Werenga iwe."

Anawerenga. Uthenga woyamba unali wa mnyamatayo: "Ndanena kuti chikhomo chinasunthidwa. Andionetsa kalata ndi chithunzi. Andiyimitsa ntchito."

Wachiwiri unali yankho la mwana wanga: "Wanena kuti anasuntha ndani?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Kuzula chikhomo ndi mlandu. Ndi mayi ako."

"Ndiye akuganiza kuti ndiwe?"

"Akuti ndinasuntha ndekha, ndiye nditamva za kalata ndathamangira kudzanena. Lachisanu akumana. Akatsimikiza, sindidzayezanso malo kulikonse."

"Ndikadakwiyabe nawe."

"Ndikudziwa. Wadya?"

Pamenepo mwanayo anasiya kuwerenga n'kuyamba kulira.

"Lira mwachangu, ndili ndi ntchito," ndinatero, koma ndinakhala pabedi.

"Amayi, mukakanena, Ababa adziwa kuti ndi iye anakhoma chikhomo kuseri kuja. Amuthamangitsa. Mukapanda kunena, Ababa aziti anayesetsa kutipulumutsa, amukonda mpaka kale. Koma ntchito yamuthera."

"Ndiye ukufuna chiti?"

"Sindikudziwa."

"Ine ndikudziwa. Bambo ako amakwiya, amatopa, amamva njala. Koma mwamuna amene dziko lonse likumutcha wachinyengo, ungamuchape bwanji? Adzakhala pakhonde pako zaka makumi anayi akukuyang'ana, akudziwa kuti anagwa chifukwa cha shiti ya mayi ako. Ndipatse nsapato zanga zakuda."

"Nanga akakumangani?"

"Ndikapumako."

* * *

Ofesi ya anthu a mlatho ndi kontena yoyera imene anaitula pafupi ndi mtsinje. Mkati munali motentha ngati mu uvuni. Makoma onse anali mapepala a mizere, ndipo patebulo panali kamlatho kakang'ono ka pulasitiki, ka zipilala zinayi. Injiniya wamkuluyo anali mzimayi wa msinkhu wanga, nsapato zamatope, magalasi pamphumi, tiyi wozizira pambali. Nditamuona ndinadziwa kuti nayenso sagona mokwanira.

"Ngati ndi za chipukuta misozi, ndi Lachinayi," anatero osakweza mutu.

"Ndi za chikhomo. Ndinazula ndine."

Anatsitsa magalasi.

"Ndinu mayi a mtsikana uja?"

"Ndine."

"Wakutumani mnyamatayo?"

"Ine sinditumidwa ndi ana."

"Munazula ndi chiyani?"

"Ndi khasu."

"Chifukwa chiyani?"

"Chinali pakati pa malo oyanikira zovala. Inu mumachapa, mayi?"

"Lamulungu lililonse."

"Ndiye mukudziwa. Munthu wanyamula beseni lodzaza, sukuona pansi, pali chimtengo chikukudikira. Bwalo lonse lija, iye anasankha pomwepo."

"Sasankha iye. Amasankha makina."

"Makinawo sachapa."

Anandiyang'ana. Pakona pa mlomo wake panagwedezeka, koma anadziletsa.

"Amayi, mukudziwa kuti chifukwa cha khasu lanu ndiyenera kuyezanso zikhomo zonse za mbali ino? Mlatho uwo ukugwedezeka. Mvula ikubwerayi sindikudziwa ngati upirira. Sabata iliyonse imene ndataya, ndi mathiraki mazana akudutsa pa zitsulo zodyeka."

"Ndalakwa. Sindinabwere kudzakana."

"Mayi aliyense angathe kunena zimenezi pofuna kupulumutsa mkamwini. Muli ndi umboni?"

"Dzenje lilipo. Ndinavundikira ndi chidebe cha maluwa."

Anatenga chipewa chake, n'kuyimba foni.

"Tenga makina ndi buku lako. Tikakumane kwa apongozi ako." Anamvetsera pang'ono. "Inde, ndati apongozi ako. Ali pano, andiuza kuti makina ako sachapa."

* * *

Tinafika mzere wonse uli pamipanda. Abambo anatuluka m'shedi ataona galimoto, anamulandira mnyamatayo ndi manja awiri, koma iye sanawayang'ane kumaso. Anayimika miyendo itatu ija pamsewu pamene pali msomali wawo wakale woyambirapo kuyeza, anawerenga m'buku, anasuzumira m'makina. Injiniya anagwira yekha ndodo yoyezera, n'kumayenda monga ankamulozera ndi dzanja. Anadutsa geti. Anadutsa khonde. Anazungulira nyumba.

"Akupita kuti?" anandifunsa abambo.

Ndinangotsatira injiniya.

"Kumanzere pang'ono," anafuula mnyamatayo. "Pang'ononso. Pomwepo."

Ndodo inali itagunda chidebe cha maluwa. Injiniya anachisuntha ndi phazi. Pansi pake panali dzenje, ndipo m'mphepete mwake munali tizidutswa ta penti yofiira.

"Chabwino," anatero. "Bweretsa chikhomo."

Mnyamatayo anakachizula pageti, anabwera nacho, anachiyika m'dzenje muja. Anasowa hamala. Palibe amene anasuntha, ndiye anatola mwala n'kukhomera.

Abambo anayang'ana chikhomo, anayang'ana nyumba, anayang'ananso chikhomo. Ndi munthu wa miyeso, sanafunikire womufotokozera.

"Anachichotsa apa ndani?"

"Ndine," ndinatero. "Chinang'amba shiti."

Sananditembenukire n'komwe.

"Nanga anachikhoma apa poyamba ndani?"

"Ndine, bambo," anatero mnyamatayo.

"Liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo."

"Ndiye dzulo unakhala pakhonde panga, n'kudya nkhuku yanga, ine ndikukutcha mkamwini pamaso pa anthu onsewa?"

"Ndinayesa kukuuzani, bambo."

"Unayesa." Mawu awo anali otsika, ndipo akatsika chonchi ndimadziwa kuti zavuta. "Denga ilo ndinakhoma ndekha, mkazi wanga ali ndi pakati pa mwana amene ukumufunayo. Nyamula miyendo yako. Ukadzapondanso pano ubwere ndi chigalimoto chogumulira, chifukwa ndi chokhacho chimene ndingakutsegulire geti."

"Ababa," anayamba mwana wanga.

"Iwe lowa m'nyumba, idakalipo."

Abambo analowa m'shedi n'kutseka chitseko. Sowo sinalire.

Kumpanda kunamveka kuseka kumodzi, kwa wa saluni uja, koma palibe anamuthandiza, ndipo kunathera panjira.

* * *

Injiniya anatiyitana atatu pafupi ndi galimoto yake, ine, mwana wanga ndi mnyamatayo.

"Amayi, inu sindikutengerani kulikonse. Ndilibe nthawi, ndipo woweruza akamva za shitiyo adzandiseka. Koma mukachikhudzanso, ndidzabwera ndekha."

"Sindichikhudza."

Anatembenukira kwa mnyamatayo.

"Iwe, za chinyengo zatha. Buku lako ndi lolondola, ndilemba choncho lero. Koma unayeza nyumba ya mtsikana amene ukufuna kukwatira, osandiuza. Ukanandiuza, ndikanatuma wina, ndipo ukanakhala wopanda mlandu kwa ine ndi kwa bambo awo. Tsopano nyumba zisanu ndi imodzi sizikhulupirira muyeso uliwonse umene wagwira iwe. Pamlatho uno sungakhale."

"Ndipite kuti, bwana?"

"Kuli mlatho wina ukuyamba kuyezedwa, akusowa munthu. Ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Zaka ziwiri, mwina zitatu. Galimoto yathu inyamuka Lachisanu m'mawa."

"Lachisanu lomwe lino?" anafunsa mwana wanga.

"Lomwe lino, mwanawe. Pepa."

Anakwera galimoto. Mnyamatayo anapinda miyendo ya makina ake pang'onopang'ono, ngati ikulemera kuposa masiku onse.

"Ukadakwiyabe?" anafunsa mnyamatayo.

"Kwambiri."

"Chabwino."

"Chabwino chiyani? Ungoti chabwino n'kumapita?"

"Nanga nditani? Bambo ako wawamva. Sindingakuuze kuti usiye kwanu nthawi ngati ino, nyumba ikugwa."

"Ndiye sundiuza."

"Sindikuuza."

"Ngati mmene sunandiuzire za chikhomo."

Anayang'anizana. Ine ndinawasiya. Ndamvapo zokwanira za anthu awiri amene akufunana koma akulimbirana kuti ayambe ndani.

* * *

Ndinabwerera kubeseni langa. Madzi anali atachita bii, fungo lake losaneneka. Ndinawataya, ndinatunga ena, ndinathira sopo watsopano. Makatani asanu ndi atatu, a mawindo amene sadzaona mvula ziwiri. Koma ndi nsalu zabwino, ndipo kulikonse kumene atitayire kudzakhala mawindo.

Ndinali pa katani yachiwiri pamene chitseko cha shedi chinatseguka pang'ono.

"Mayi," anatero abambo osatulutsa mutu. "Mwana uja asatuluke pageti mpaka Loweruka. Kuntchito kwake ndikanena ndekha kuti akudwala. Mwamva?"

"Ndamva."

Chitseko chinatsekeka.

Ndinali pa yachitatu pamene mwanayo anabwera mwakachetechete n'kunjuta pambali panga. Anagwira nsonga ya katani ngati akufuna kundithandiza kufinya. Maso anali ouma tsopano, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa misozi ija.

"Amayi," ananong'ona, "sutukesi yaikulu ija, ya mawilo, munayika kuti?"

"Ukufuna utani nayo?"

"Tikusamuka, si choncho? Ndiyambe kulongedza."

"Kusamuka ndi miyezi itatu ikubwerayi."

"Ine ndimakonda kuyamba msanga."

Mwana ameneyu sanayambepo chinthu msanga chibadwire. Ndinayang'ana kushedi. Ndinayang'ana iye. Sutukesiyo ili pamwamba pa wadiropu m'chipinda chathu, mbali imene amagona bambo ake, ndipo mawilo ake amalira.

"Finya kaye," ndinatero. "Mbali yakoyo ikudontha."

Anafinya. M'beseni munali mutatsala makatani asanu.